Funde silisamutsa madzi

Ambirife tinakula tikukhulupirira kuti funde likamayenda, madzinso amasamuka nalo kupita kumtunda. Si choncho ayi.

Mukadzafika pa damu lina m'minda ya tiyi ku Thyolo, tsiku lopanda mphepo, mudzaike tsamba pamadzi n'kuponya kamwala chapatali pang'ono. Timafunde tidzafalikira mozungulira mpaka m'mphepete, koma tsamba lija lizidzangovina, kukwera n'kutsika, lili pomwepo. Imene yayenda ndi mphamvu ya kamwala kaja. Madzi amangopatsirana, ngati anthu opatsirana njerwa pamzere, aliyense ali pamalo pake.

Mawunso ndi mafunde, ndipo izi zimandisangalatsa kwambiri. Mukakuwa m'munsi mwa thanthwe la Chambe ku Mulanje, mpweya wa m'kamwa mwanu suuluka kukagunda mwalawo. Kunjenjemera kokha ndiko kumathamanga, mamita pafupifupi 340 pa sekondi, n'kubwerera m'makutu mwanu.