Kutumiza list ya ma list kuchoka ku Python kupita ku C: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwerabwera pakati pa achinyamata olemba mapulogalamu kuno ku Lilongwe, makamaka akaona kuti chilankhulo cha Python chikuchedwa ndipo akufuna chilankhulo cha C chiwasenzere ntchito yolemera.

Bwanji osangopereka list yanga kwa C momwe ililimo?

Chifukwa list ya Python siisunga manambalawo, imasunga ma pointer, omwe ndi ma adiresi olozera pomwe chinthu chili m'memory. Ili ngati kapepala kolembapo manambala a nyumba za ku Area 25: eni nyumbawo ali kwina, aliyense pake. List ya ma list ndiye kapepala kolozera ku timapepala tina. Pomwe C imakonda katundu woyalidwa mondondozana, ngati mazira m'thireyi.

Nanga lamulo lake ndi lotani?

Yalani zonse mumzere umodzi, kenako tumizani zinthu zitatu: pointer, kuchuluka kwa mizere, ndi kutalika kwa mzere. Thireyi ya mazira 30 imakhala ndi mizere 5 ya mazira 6. Dzira la mumzere 2, malo 3, lili pa 2*6+3, ndiye kuti 15. Kuwerenga kumayambira pa 0, ndipo apa ndi pamene ambiri timaphunthwa.

Ndikagwiritsa ntchito NumPy, basi zatheka?

Musafulumire. NumPy, library ya Python yowerengera manambala, imawasunga mu array, koma mukatembenuza array a ndi a.T (mizere yopingasa kukhala yotsika), siisuntha kanthu m'memory, imangosintha kawerengedwe. C ikalandira pointer yokha idzawerenga mwa kale, n'kukupatsani yankho lolakwika mwakachetechete, popanda error. Yambani mwaitana np.ascontiguousarray(a, dtype=np.float64), kuti manambala ayalidwe mondondozana ndipo iliyonse ikhale double ya ma byte 8. Ngati kodi yolandirayo ndi ya chilankhulo cha Fortran osati C, dziwani kuti imawerenga motsika, osati mopingasa.

Mizere yanga ndi yosiyana kutalika.

Zimachitika, monga mvula ya tsiku ndi tsiku ya ku Chitedze: Januwale ali ndi masiku 31, Febuluwale 28. Kuyambira NumPy 1.24, np.array imakana list yotere ndi ValueError. Ine dtype=object sindiikhulupirira, imangotibwezera ku timapepala tija. Yalani manambala onse mu array imodzi, kenako tumizani array yachiwiri yonena poyambira mwezi uliwonse: 0, 31, 59.

Pulogalamu ikungodya memory. Ndalakwitsa pati?

Onani umwini wa zinthu zomwe kodi yanu ya C ikutenga mu list ya Python. PyList_GetItem imakubwerekani chinthu, ndiye musachimasule. PySequence_GetItem imakupatsani chanu, ndipo mukamaliza muitane Py_DECREF kuti muchimasule. Mukaiwala mkati mwa loop, memory imadontha pang'onopang'ono ngati mpopi wakutha. Mukamasula chobwereka, pulogalamu imatha kugwa nthawi ina, pamalo osakhudzana n'komwe ndi pamene munalakwitsa.