Yzerman ndi Detroit: amene anamuimirira mu 1995 lero akumufunsa mafunso

Pamene nyengo ya 2024-25 imatha, timu ya Detroit Red Wings inali itatha zaka 9 zotsatizana osalowa ndime yachipulula ya NHL, ligi yaikulu ya hockey ya pa ayezi ku America ndi Canada. Chilala chotere sichinaonekepo chikhazikitsire timuyi mu 1926. Zikatere chala chimaloza manijala wamkulu, amene amasankha osewera, kuwasinthanitsa ndi matimu ena ndi kulemba ntchito mphunzitsi. Chovuta ku Detroit chinali chakuti munthuyo anali Steve Yzerman, katswiri wakale wa timuyi, amene nambala yake 19 inapachikidwa kudenga la bwalo kuti wina asadzaivalenso.

Anabwera mu 1983 ali ndi zaka 18, timu ili pansi. Pa mwambo wapachaka umene matimu amasankha osewera atsopano motsatana manambala, akuluakulu ankafuna Pat LaFontaine, mwana wokulira komweko ku Michigan, koma New York Islanders inawatsogolera, ndiye anangotenga mnyamata wa ku Canada uja. Pofika 1986 anali kaputeni, ali ndi zaka 21. Mu 1988-89 anamwetsa zigoli 65 ndipo anapeza mapointi 155 (pointi amawerenga chigoli chimene wamwetsa kapena chimene wathandizira). Amene anaposapo pamenepa pa nyengo imodzi ndi Wayne Gretzky ndi Mario Lemieux basi. Koma chikho cha Stanley, cha akatswiri a NHL, chimene Detroit inatenga komaliza mu 1955, sichinkabwera.

Zinthu zinatembenuka Scotty Bowman atafika mu 1993. Mphunzitsiyu anali atatenga kale zikho ku Montreal ndi ku Pittsburgh, ndipo sankatengeka ndi zigoli za munthu mmodzi. Ankafuna kaputeni azibwerera kumbuyo kukatchinga, azigona pa ayezi kutsekereza mashoti, azilola ena kuwala. Mu 1995 timu inafika mu fainolo, New Jersey n'kuikwapula masewero onse anayi. Miyezi yochepa itadutsa, manyuzipepala anadzaza ndi nkhani yakuti Bowman, amene analinso ndi mphamvu pa zosinthanitsa osewera, akufuna kutumiza Yzerman ku Ottawa. Ottawa inali timu yatsopano, yakumchira kwenikweni, ngakhale kuti ndi kumene Yzerman anakulira.

Nkhani imeneyi imafotokozedwa pawiri. Ena amati zokambirana zinafika patali ndithu. Ena amati Bowman, wodziwika ndi kusewera ndi maganizo a osewera ake, ankangofuna kumugwedeza. Zonse ziwiri zimachokera kwa atolankhani ndi kwa anthu okumbukira patapita zaka, ndipo kusinthana kumene sikunachitike sikusiya pepala losainidwa. Chimene anthu zikwizikwi anaona ndi maso ndi cha pa masewero oyamba apakhomo nyengo imeneyo, mu Joe Louis Arena: dzina la Yzerman litatchulidwa, bwalo lonse linaimirira n'kuwomba m'manja kwa nthawi yaitali, ndipo la Bowman analikuwiza. Kaputeni anakhala. Koma amene anapambana mkanganowo ndi Bowman, chifukwa Yzerman anasintha kaseweredwe. Munthu amene anadutsa mapointi 100 nyengo 6 zondondozana sanafikenso pamenepo.

Chikho chinabwera mu 1997, atadikira zaka 14, Detroit itagonjetsa Philadelphia. Mu 1998 chinabweranso, ndipo atangochilandira anakachiika pamiyendo ya Vladimir Konstantinov, mnzake amene anali pa njinga ya olumala chifukwa cha ngozi ya galimoto imene inachitika masiku ochepa chikho cha 1997 chitatengedwa. Chachitatu, mu 2002, anachitenga bondo litatheratu. Anapuma mu 2006 ali ndi zigoli 692.

Zaka zinayi zotsatira anaphunzira ntchito ya muofesi pansi pa Ken Holland, manijala wamkulu wa Detroit panthawiyo. Holland sankachoka pampando, ndiye mu 2010, atangotsogolera kusankha timu ya Canada imene inatenga golide ku Olympics ya ku Vancouver, Yzerman anapita kukakhala manijala wamkulu wa Tampa Bay Lightning. Kumeneko diso lake linaoneka: Nikita Kucherov anamutola pa nambala 58 mu 2011, Brayden Point pa 79 mu 2014, matimu onse atawalambalala. Kuuma mtima kwake kunaonekanso. Posankha timu ya Canada ya ku Olympics ya ku Sochi mu 2014, poyamba anasiya Martin St. Louis, kaputeni wa timu yake yomwe ya Tampa. St. Louis anakwiya, anapempha kuchoka, ndipo Yzerman anamutumiza ku New York Rangers. Ndimaona dzanja la Bowman pamenepa: amene anatsala pang'ono kuthamangitsidwa anaphunzira kuti dzina silimanga timu. Yzerman anasiya umanijala wa Tampa mu 2018, ndipo zikho za 2020 ndi 2021 Tampa inatenga iye atachoka, ndi anyamata ambiri amene anawasonkhanitsa.

Anabwerera ku Detroit mu April 2019 n'kupeza nkhokwe yopanda kanthu, timu itadya mbewu pofuna kutalikitsa zaka 25 zolowa chipulula mosadumphitsa. Nyengo yake yoyamba anapambana masewero 17 okha pa 71. Mu NHL timu yotsiriza imakhala ndi mwayi waukulu wosankha wosewera watsopano poyamba, koma maere anaikankhira Detroit pa nambala 4. Omuikira kumbuyo amatchula zimenezi, komanso Moritz Seider, amene ambiri anadabwa atasankhidwa mu 2019 koma mu 2022 anakhala wosewera watsopano wopambana mu ligi yonse. Omutsutsa amayankha kuti ndalama zambiri zapita kwa osewera apakatikati, ndipo apa sakunama. Mu 2024 Detroit inafanana ndi Washington pa mapointi 91, n'kulephera kulowa chipulula chifukwa cha lamulo lolekanitsa ofanana.

Mu April 2025 kaputeni Dylan Larkin, amene analawa chipulula mu 2016 mokha, anadandaula poyera kuti ofesi sinabweretse thandizo lokwanira nthawi yosinthanitsa osewera isanatsekedwe, ndipo anyamata anagwa mphwayi. Yzerman anayankha kuti kulimbitsa mitima ya anzawo ndi ntchito ya atsogoleri a timu, ndipo n'chimene amalandirira malipiro.