Dothi lothira si nthaka yolimba

Ndatopa nazo zoti pa poloti yotsetsereka ungothira dothi, mvula ya chaka chimodzi ilitsendere, basi uyambe kumanga. Dothi lothira limapitiriza kutitimira kwa zaka, khoma n'kung'ambika.

Amisiri odziwa amathira pang'onopang'ono, masentimita 15, n'kutsendera, kenako ena. Maziko amakumba mpaka apeze nthaka yakale. Khoma lotchinga dothilo limafunanso miyala kumbuyo ndi timabowo totulutsira madzi, poti chomwe chimaligwetsa kawirikawiri ndi madzi, osati kuchepa kwa simenti.

Musamangofalitsa za mvulazo musanayese nokha. Zikani chitsulo pothiridwapo, kenako pambali posathira, mumve kusiyana kwake. Mukamadutsa ku Ndirande kapena ku Soche nthawi ya dzinja, yang'anani makoma otupa mimba ngati ali ndi timabowo.