Mnofu wa mwendo ukakokeka, musathamangire kubwerera pa zitsulo

Ambiri amene timapita ku jimu kapena kumenya mpira wa Loweruka uja timavulala kawiri pamalo amodzimodzi, ndipo kachiwiriko ndi kamene kamatikhazika pansi nthawi yaitali. Chimachitika nchakuti ululu ukangosiya timati basi mnofu wapola, chikhalirecho mkatimo bala likadali laliwisi. Uthengawu ndi wa inu amene ntchafu kapena katumba wakokeka, mukutsimphina, koma mtima uli dyokodyoko kufuna kubwerera ku training.

Mnyamata wina amene timanyamula naye limodzi anavulala ine ndikuona. Anafika mochedwa pochokera kuntchito, sanatenthetse thupi, anangoika ma plate pachitsulo nkuwerama kupanga deadlift ya miyendo yowongoka ija, yonyamula chitsulo kuchokera pansi. Podzuka anangoti mayo ine, chitsulo pansi, dzanja lili kuseri kwa ntchafu, akuti anamva ngati wina wamulasa ndi legeni. Kunyumba usiku omwewo anamuthowa ndi madzi otentha nkumusisita mwamphamvu ndi mafuta oyaka aja, mmawa ntchafu inali itatupa zedi, patatha masiku atatu kuseri kwa bondo kunada bii magazi atatsikira kumeneko. Atatha masiku 10 anayamba kuyenda osamva kuwawa, anabwerera pa kilo zomwe zija, mnofu unang'ambikanso pomwe paja. Ulendo wachiwiriwu anakhala miyezi pafupifupi itatu asanakhudze chitsulo, ndipo zinandikhudza chifukwa zinali zopeweka.

Kuseri kwa ntchafu kuli minofu itatu imene a chipatala amaitchula kuti hamstring, imayambira pa fupa lomwe timakhalira lija pansi pa thako nkutsika mpaka kunsi kwa bondo. Imeneyi ndi imene imakonda kung'ambika pothamanga liwiro kapena powerama ndi katundu. Kutsogolo kuli quadriceps, minofu inayi. Katumba ali ndi minofu iwiri ikuluikulu, gastrocnemius ndi soleus, yomwe imakamangirira ku chidendene ndi mtsempha wolimba uja wa Achilles. Palinso ya m'mphechepeche imene imavutitsa kwambiri osewera mpira. Mnofu uli ngati chingwe cha khonje, timaulusi tambirimbiri tolukidwa pamodzi. Tikaduka tochepa ndiye giredi 1, mumayenda ndithu koma pakuwawa, nthawi zambiri pa sabata imodzi mpaka atatu mumakhala bho. Tikaduka tambiri ndiye giredi 2, pamatupa, mphamvu zimachepa, mumatsimphina, ndipo apa werengerani masabata 4 mpaka 8. Chingwe chonse chikaduka kapena kuzuka pa fupa ndiye giredi 3, imeneyo ndi ya miyezi, nthawi zina mpaka opaleshoni. Thupi limasoka pong'ambikapo ndi chipsera, koma chipsera chatsopano sichitamuka ngati mnofu ndipo sichikhala cholimba, chimafuna masabata chikukokedwa pang'onopang'ono kuti chikhwime. Ululu umatha msanga chipseracho chisanafike pamenepo.

Masiku awiri kapena atatu oyamba

Siyani training pompopompo, osati kumalizitsa set kaye ayi. Chinthu chimene ndikupempha kwambiri, musathowe ndi madzi otentha, musalole wina akusisiteni, musamwe mowa, musayese kuthamanga kuti muone ngati zili bwino. Ndikudziwa kuthowa ndi chimene tonse tinakula nacho, amayi amathowa chifukwa cha chikondi, koma masiku oyambawa timitsempha ta magazi mkatimo tikadali totseguka, kutentha ndi kusisita kumangowonjezera kukha magazi ndi kutupa. Kutema mphini pamalopo nakonso ayi, mukungotsegulira njira majeremusi ndi kafumbata.

Ikanipo ayisi wokulunga mu kansalu kapena thaulo lonyowa kwa mphindi 15 mpaka 20, maola awiri kapena atatu aliwonse, osagunditsa ayisi pakhungu penipeni. Ngati mulibe filiji kapena magetsi azima, mafilizesi awiri ogula pa okala amagwira ntchito yomweyo. Mangani bandeji yotamuka ija mothina pang'ono, koma zala zakuphazi zikayamba dzanzi, kuzizira kapena kusintha mtundu masulani. Pogona ikani mwendo pa mapilo ukhale pamwamba kuposa chifuwa. Malangizo amenewa a kupuma, ayisi, kumanga ndi kukweza mwendo anatchuka ndi dokotala wa ku America Gabe Mirkin mu 1978, koma mu 2014 mwini wakeyo anadzanena kuti ayisi wambiri ndi kupuma kotheratu zikhoza kuchedwetsa kupola. Ndiye ayisi ndi wongoziziritsa ululu masiku oyambawa, si mankhwala opoletsa, ndipo kugona sabata yonse osaponda pansi sikuthandiza.

Za mankhwala, Panado ndi wokwanira kwa ambiri, munthu wamkulu mapilisi awiri a 500 mg, pakhale maola osachepera anayi pakati pake, osapitirira mapilisi 8 pa maola 24. Brufen ndi diclofenac tizisamala nawo, amene ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, mphumu kapena amayi oyembekezera asamwe popanda kufunsa a chipatala. Ndipo chonde musamwe mankhwala opha ululu ncholinga chakuti mukathe kunyamula, mukutseka pakamwa mlonda amene amakuchenjezani.

Izi zikaoneka pitani kuchipatala lero lomwe

Ngati simukutha kuponda ngakhale masitepe anayi, ngati munamva kuphulika ndipo pamnofu pali kadzenje kapena chotupa chooneka ngati mnofu wakwinyikira mbali imodzi, ngati kukhala pampando kukuwawa kwambiri pa fupa la pansi pa thako ndipo ntchafu yonse yada, musadikire. Ngati munamva ngati wina wakumenyani theche kuseri kwa kakolo pomwe panalibe munthu, ndipo simukutha kuima ndi zala, mwina Achilles waduka. Apa ndiwonjezere kuti mankhwala a cipro amene timamwa kawirikawiri aja amatha kufooketsa mitsempha ngati imeneyi, ndiye ngati mukumwa kapena mwangomaliza kumene uzani dokotala ndipo osalumphalumpha.

Katumba akatupa mwendo umodzi, kutentha, kuwawa popanda kuvulala kooneka, makamaka mutayenda ulendo wautali ngati wa basi yaku Joni uja, kapena mwagona nthawi yaitali mukudwala, kapena ndinu mayi woyembekezera kaya mwangochira kumene, akhoza kukhala magazi oundana mu mtsempha. Osasisita ngakhale pang'ono. Mukayamba kubanika kapena chifuwa kubaya ndiye ndi ngozi yofuna kuthamanga nayo. Chimodzimodzi mwendo ukalimba gwa ngati thabwa, ululu ukukulirakulira ndipo phazi lachita dzanzi. Komanso mkodzo ukada ngati Coca-Cola pambuyo pa training yolemetsa, minofu ikupweteka modabwitsa, ndiye kuti minofu yaphwanyika kwambiri ndipo impso zili pachiswe.

Kuyambira tsiku lachitatu kapena lachinayi

Apa ndi pamene ntchito yeniyeni imayamba. Yambani kuyenda m'nyumba ndi pabwalo malinga ngati simukutsimphina kwambiri, ngati mukutsimphina gwiritsani ndodo masiku angapo, palibe chamanyazi. Kenako yambani kulimbitsa mnofu osausuntha. Wa hamstring, gonani chagada bondo lopinda pang'ono, kanikizani chidendene pamphasa masekondi 5 mpaka 10, masulani, bwerezani kakhumi, kawiri kapena katatu patsiku. Wa katumba, khalani pampando muzikweza zidendene. Zikayamba kuphweka pitani pa bridge, kukweza chiuno m'mwamba mutagona chagada ndi miyendo iwiri, kenako umodzi. Wa katumba imani mutagwira khoma muzikwera ndi zala miyendo iwiri, kenako umodzi, kenako pamphepete pa sitepe. Njinga yopalasa pamodzimodzi ija ndi yabwino kwambiri nthawi imeneyi chifukwa magazi amayenda popanda kugunda pansi. Kuthowa ndi madzi ofunda tsopano nkololedwa kutupa kukasiya kukula. Koma kukoka mnofu mwamphamvu muja timachitira potambasula, dikirani kaye, sabata yoyamba mukhoza kung'amba chipsera chimene changoyamba kulukana.

Muyezo wake ndi uwu, yerekezani ululu kuyambira 0 mpaka 10. Pochita masewerawa ululu wa 2 kapena 3 ndi wololedwa, bola ukhale utabwerera mwakale pofika mmawa. Ukabaya ngati singano, kapena mwadzuka mmawa mukutsimphina kuposa dzulo, mwapyoza, bwererani sitepe imodzi mmbuyo masiku awiri.

Ku jimu mukhoza kupita ngakhale sabata yoyamba yomwe, kukapanga chifuwa, msana, mapewa, mikono mutakhala pansi, ndi mwendo wabwinowo. Zimathandiza mtima kukhala m'malo, chifukwa kukhala pakhomo anzako akutumiza zithunzi za ku jimu pa WhatsApp kumapweteka, ndipo ndi kumene kumapangitsa anthu kuthamangira. Koma mwendo wovulalawo uyenera kukhoza mayeso kaye, kalendala payokha siyokwanira. Mukuyenda ndi kukwera masitepe osatsimphina? Mukadina pamalopo ndi chala sipakuwawa? Mwendowo ukutambasuka kufika pomwe winawo ukufika? Mukutha kukwera ndi zala mwendo umodzi maulendo 20, kapena bridge ya mwendo umodzi chidendene chili pampando, kuchuluka kofanana ndi mwendo wabwinowo? A fiziyo, akatswiri a kuchipatala othandiza ovulala kuchira ndi masewera olimbitsa thupi, ambiri amafuna mphamvu zifike pa 90 peresenti ya mwendo winawo musanabwerere ku zolemera ndi liwiro.

Mukakhoza, yambani ndi theka la kilo zomwe munkanyamula kapena kuchepera apo. Amene ankapanga squat (kunjuta ndi chitsulo pamapewa) ya 80 kg ayambe ndi chitsulo chopanda kanthu tsiku loyamba, kenako 40, aziwonjezera pang'onopang'ono sabata ndi sabata, miyendo kawiri pasabata basi, pakati pakhale masiku awiri opuma. Tsikani mwapang'onopang'ono masekondi atatu, chifukwa mnofu umavulala kwambiri pamene ukutalika uli ndi katundu, ndiye pamenepo ndi pofunika kuuphunzitsa. Leg press (kukankha katundu ndi miyendo pa makina), squat yotsikira pabenchi ndi leg curl (kupinda mawondo mokoka katundu pa makina) yopepuka zibwere koyamba, deadlift ya miyendo yowongoka, ma lunge (kuponda patsogolo ndi mwendo umodzi nkutsika) aatali ndi kulumpha zibwere pambuyo. Kuthamanga nakonso chimodzimodzi, kuyenda ndawala, kenako jogging, kenako liwiro lapakati, liwiro lonse likhale lomaliza. Masabata awiri oyamba mutabwerera ndi amene anthu ambiri amavulalanso, ndiye anzanu akamakuwa kuti onjezera mani, inu muzingomwetulira nkupitiriza ndi kilo zanu. Musanayambe tenthetsani thupi mphindi 10, makamaka mmawa wa June ndi July kukazizira kuja.

Pali masewera amodzi otchedwa Nordic amene ndikufuna aliyense wa hamstring awadziwe akachira. Mumagwada pa kamatiresi, mnzanu nkukugwirani akakolo mwamphamvu, inu muziwerama kutsogolo thupi lili chiwongokere, kudziletsa kugwa mpaka pomwe mungathe, kenako nkudzilandira ndi manja. Kafukufuku wa mu 2019 amene anasonkhanitsa zotsatira za osewera opitirira 8,000 anapeza kuti amachepetsa kuvulala kwa hamstring ndi pafupifupi theka. Yambani ndi maulendo atatu kapena anayi okha, chifukwa mawa lake ntchafu zimawawa ndithu.

Chakudya musachepetse poti simukupanga training, thupi likumanga nyama. Usipa, matemba, mazira, nyemba, soya, nsinjiro, chambiko, chimodzi mwa izi chizipezeka pa chakudya chilichonse, simukufunika ufa wa m'zitini wodula uja. Gonani maola 7 mpaka 9, ndipo fodya amachedwetsa kupola kwa bala lililonse.

Pakatha masabata awiri osaona kusintha, kapena aka nkachiwiri kuvulala pamodzimodzi, pezani a fiziyo akuoneni. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu zili ndi dipatimenti ya fiziyo, ku Blantyre kulinso Kachere Rehabilitation Centre, ndipo m'zipatala za maboma muli ma clinical officer a mafupa amene akhoza kukuyezani nkukutumizani kutsogolo ngati pakufunika scan. Popita tengani buku lanu lakuchipatala, valani kabudula kuti akuoneni ntchafu yonse mosavuta, ndipo mukawauze tsiku lomwe munavulala, chimene munkapanga, ndi mankhwala onse amene mwamwa kuyambira tsikulo.