Kutseka khola paliponse sikuteteza nkhuku ku matenda

Ena amati khola la nkhuku lizimatidwa paliponse, lisakhale ndi kampata, kuti nkhuku zisazizidwe usiku. Zimenezi n'zabodza, ndipo zimadwalitsa nkhuku. Nkhuku yaikulu nthenga zake zimaikwanira pa kuzizira. Chimene chimaipweteka ndi mpweya woipa. Zitosi zikanyowa zimatulutsa mpweya wa amoniya, wonunkha ngati mkodzo, umene umaotcha maso ndi mapapo, nkhuku n'kumayetsemula maso atatupa.

Siyani mipata pamwamba pa khoma, munsi mwa denga, muikepo waya wa sefa kuti zilombo zisalowe. Mphepo isawombe molunjika pa mtengo umene nkhuku zimagonapo. Anapiye okha ndi amene amafuna kuwatenthetsa, mpaka atamera nthenga zonse pa milungu pafupifupi 6. Mukatsegula khola m'mawa maso anu n'kuyabwa, onjezerani mipata ndi kuchotsa utuchi wonyowa woyala pansi m'kholamo.