Kukhala phee si kulekerera mkaidi

Ndatopa nako kumva m'maminibasi a ku Matero ndi Kalingalinga mu Lusaka, zaka ndi zaka, kuti kuphunzitsa mkaidi kusinkhasinkha (kukhala phee n'kumapuma modekha) n'kumulekerera, sikusintha kanthu.

Munthu akapanikizika maganizo, thupi limatulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima umathamanga, mkwiyo umayandikira. Kupuma pang'onopang'ono, maganizo ali pa mpweya wokha, kumatsitsa liwiro la mtima. Kafukufuku wa m'ndende zakunja wapeza kuti akaidi ambiri ochita izi amanena kuti nkhawa ndi ukali zachepa. Kwa munthu amene analowa m'ndende chifukwa cha ndewu ya mphindi imodzi, zimenezi ine ndimaziona zazikulu. Komabe si mankhwala a zonse: akatuluka amafunikabe ntchito, pogona ndi abale omulandira.

Yesani nokha. Gwirani mtsempha wa pamkono, werengani kugunda kwa mphindi imodzi (kwa akuluakulu kumakhala 60 mpaka 100), pumani modekha mphindi 5, muwerengenso.

Uthenga ukabwera pa WhatsApp, wonyoza kapena wotamanda kusinkhasinkha m'ndende, chonde musautumize musanafunse kuti anafufuza ndani, pa akaidi angati, ndipo anawayerekeza ndi ndani.