Ma baozi otchipa sakhala ndi makatoni mkati

Mpaka lero pali anthu amene amakana kulawa baozi, timabanzi ta ku China tokhala ndi ndiwo mkati, ati chifukwa ophika amasinjiramo makatoni kuti nyama ioneke yambiri. Mphekesera imeneyi inachokera pa bodza. Mu July 2007 wailesi ya kanema ya Beijing Television inaonetsa anthu akunyika makatoni m'mankhwala n'kuwasakaniza ndi nyama ya nkhumba. Patangopita masiku ochepa zinadziwika kuti mtolankhani Zi Beijia anachita kukonza yekha zonsezo, ndipo mu August khoti linamulamula kukakhala kundende chaka chimodzi. Zimandiwawa kuti bodzalo linafika kutali kuposa chigamulocho, ndipo ophika osalakwa ndi amene amavutika nalo.

Nanga kutchipako? Baozi ndi chakudya cha anthu wamba, makamaka m'mawa popita kuntchito. Amakanda ufa wa tirigu ndi yisiti, kenako amakulungamo kanyama kogaya kosakaniza ndi anyezi, jinja, mwinanso kabichi. Ena saikamo nyama n'komwe, masamba okhaokha. Sakazinga ngati mandasi, amaphika ndi nthunzi m'timadengu tansungwi tosanjikiza pamphika umodzi wa madzi owira, choncho moto umodzi umapsetsa ambirimbiri nthawi imodzi.

Nthunziyo ndi imenenso imawasiya oyera mbee, moti ena amaganiza kuti sanapse. Anapsa ndithu. Mukadina ndi chala khungu limabwerera m'malo, ndipo mukanyema mumatuluka nthunzi ndi kamsuzi kotentha koti mungapse nako lilime.